Mzinda wa Roma m'Nyimbo za Ottorino Respighi

Chaka ndi chaka pa 22 Novembala Mpingo umakumbukira Sesiliya Woyera, nkhoswe ya oimba onse. Ku Roma, kumene namwali ameneyu anafera chikhulupiriro, kuli sukulu yotchuka ya nyimbo yotchedwa dzina lake, Santa Cecilia. M'chaka cha 1913 sukuluyi inalandira mphunzitsi watsopano wa luso lopeka nyimbo, wochokera ku Bologna, dzina lake Ottorino Respighi. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Pofika chaka cha 1928 mlendoyu anali atapeka nyimbo zitatu zikuluzikulu zofotokoza mzinda wa Roma, ndipo nyimbozi zikuimbidwabe m'maiko ambiri mpaka lero.

Tikufuna tione pamodzi mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, kodi nyimbo yopanda mawu, yoimbidwa ndi zida zokhazokha, ingafotokoze bwanji mzinda ndi mbiri yake? Lachiwiri ndi lolemerapo: mzinda ukakhala ndi mbiri ya ulemerero yosakanikirana ndi magazi a anthu osalakwa, kodi wopeka nyimbo akweze mawu a yani?

Okestra ndi simfone

Okestra ndi gulu lalikulu la oimba ndi zida, kawirikawiri anthu 80 kapena kufika 100, ndipo limatsogozedwa ndi munthu mmodzi woima kutsogolo monga achitira wotsogolera kwaya. Zida zake zili m'mabanja anayi. Pali zida za nsambo, monga vayolini ndi zinzake zazikulu, zimene zimalira pozikwecha ndi kauta monga achitira woimba kaligo. Pali zitoliro za mitundumitundu. Pali malipenga a mkuwa. Pomaliza pali zida zomenya, monga ng'oma ndi mabelu. Wopeka akafuna, amaonjezapo zeze, piyano ngakhalenso limba lalikulu la m'tchalitchi. Iye amalemba papepala zimene chida chilichonse chidzaimbe, mzere ndi mzere, ndipo ayenera kumva zonsezo m'mutu mwake oimba asanakumane n'komwe.

Simfone ndi nyimbo yaitali ya okestra, imene mwamwambo imakhala ndi zigawo zinayi zosiyana liwiro ndi mtima. Masimfone ena akale ali ndi maina a mizinda, monga ya Mozart yotchedwa Prague ndi ya Haydn yotchedwa London, koma mainawa amangosonyeza kumene nyimbozo zinayamba kuimbidwa. Sizinena kanthu za mizindayo. M'zaka za m'ma 1850 Franz Liszt anatchukitsa mtundu wina wa nyimbo ya okestra umene cholinga chake n'kujambula malo kapena kusimba nkhani. Pambuyo pake opeka ambiri anayamba kuika mizinda yawo m'nyimbo. Ralph Vaughan Williams anatulutsa A London Symphony m'chaka cha 1914, ndipo m'katimo mumamveka kulira kwa wotchi ya ku Westminster. Dmitri Shostakovich anapereka simfone yake ya nambala 7 kwa mzinda wa Leningrad, ndipo inaimbidwa mu mzindawo pa 9 Ogasiti 1942, anthu akufa ndi njala, asilikali a Germany atauzinga.

Respighi anatcha nyimbo zake zitatu poema sinfonico, ndiye kuti ndakatulo ya okestra. Iliyonse ili ndi zigawo zinayi monga simfone, koma zimaimbidwa mondondozana popanda kupumira, ndipo pa chigawo chilichonse wopekayo analembapo mawu ochepa ofotokoza malo amene akujambula.

Kumene mmisiri anatenga zida zake

Respighi anabadwa pa 9 Julayi 1879 ku Bologna. Kumeneko anaphunzira vayolini ndi kupeka nyimbo, ndipo mmodzi wa aphunzitsi ake, Luigi Torchi, anali katswiri wa nyimbo zakale za ku Italy zimene ambiri anali ataziiwala. Kuchokera kwa iye mnyamatayu anaphunzira kulemekeza zimene makolo anasiya. M'chaka cha 1900 anapita ku St Petersburg, m'dziko la Russia, kukagwira ntchito yoimba mu okestra, ndipo kumeneko anaphunzira kwa Nikolai Rimsky-Korsakov, amene ankadziwika ndi luso losakaniza mamvekedwe a zida monga wojambula asakanizira utoto.

Chida chachitatu anachipeza pa banja. M'chaka cha 1919 anakwatira Elsa Olivieri-Sangiacomo, amene anali wophunzira wake ndipo anali ataphunzira nyimbo za Gregorio, zija za Chilatini zimene Mpingo wakhala ukuimba pa Misa kwa zaka zoposa chikwi. Nthawi imeneyo nyimbozi zinali zikutsitsimuka. Amonke a ku Solesmes, m'dziko la France, anali atafufuza mabuku akale kuti apeze kaimbidwe kake koyambirira, ndipo Papa Piyo X, m'kalata yake Tra le sollecitudini ya pa 22 Novembala 1903, analamula kuti zibwezeretsedwe pa malo ake m'chipembedzo. Elsa ndiye anatsegulira mwamuna wake chuma chimenechi, ndipo kuyambira pamenepo chimamveka m'nyimbo zake zambiri.

Akasupe a Roma

Nyimbo yoyamba, Fontane di Roma, kutanthauza Akasupe a Roma, anaimaliza m'chaka cha 1916. Roma ndi mzinda wa madzi. Kuyambira kale Aroma ankatenga madzi kutali kudzera m'ngalande zomanga ndi miyala, ndipo pambuyo pake Apapa anamanga akasupe okongola m'mabwalo a mzinda. Respighi sanayese kufotokoza onse. Anasankha anayi okha, ndipo aliyense anamuika pa ora limene kukongola kwake kumagwirizana ndi malo omuzungulira. Apa ndi pamene pagona nzeru yake yoyamba: malo amodzi, nthawi imodzi.

Chigawo choyamba ndi kasupe wa ku Valle Giulia m'bandakucha. Mavayolini amang'ung'udza pang'onopang'ono ngati madzi oyenda, ndipo chitoliro chimaimba nyimbo ya abusa, ng'ombe zikudutsa m'nkhungu. Mwadzidzidzi malipenga amalira mwamphamvu, ndipo tafika pa kasupe wa Tritone m'mawa dzuwa litakwera. Kasupeyu anasema ndi Gian Lorenzo Bernini m'zaka za 1642 ndi 1643, pa ulamuliro wa Papa Urbano VIII, ndipo pali chifaniziro cha m'nthano zakale, theka munthu theka nsomba, chikuliza chigoba cha nkhono ya m'nyanja. Malipenga aja ndiwo chigobacho. Masana tili pa kasupe wa Trevi, amene anamalizidwa m'chaka cha 1762 ndipo amalandira madzi a ngalande yomangidwa m'chaka cha 19 Khristu asanabadwe. Pamenepa okestra yonse pamodzi ndi limba imasefukira ngati mtsinje wodzaza. Madzulo tili ku Villa Medici: mbalame zikulowa m'zisa, masamba akugwedera, belu likulira patali, kenaka zonse zii.

Itaimbidwa koyamba ku Roma pa 11 Malichi 1917, anthu sanaikonde kwenikweni. Koma Arturo Toscanini ataitsogolera ku Milan mu Febuluwale 1918, inalandiridwa ndi manja awiri, ndipo dzina la Respighi linayamba kumveka kunja kwa Italy.

Mitengo ya paini ya ku Roma

Nyimbo yachiwiri, Pini di Roma, inaimbidwa koyamba pa 14 Disembala 1924. Mitengo ya paini ya ku Roma ili ndi thunthu lalitali ndi nthambi zotambalala pamwamba ngati ambulera. Respighi anaiona ngati mboni zimene zaima chilili pamene mibadwo ikudutsa pansi pake. Ngati m'nyimbo yoyamba ankajambula madzi, muno akufukula zikumbukiro.

Akuyamba ndi ana amene akusewera m'munda wa Villa Borghese: akuvina mozungulira, akuyerekeza asilikali, akukuwa. Anatenga nyimbo zenizeni za masewera a ana a ku Roma, ndipo anagwiritsa ntchito makamaka mawu okwera a zida, kotero kuti khutu limamva phokoso la ana popanda mawu a munthu wamkulu.

Phokosolo likuduka mwadzidzidzi, ndipo tikupezeka pansi pa mitengo yophimba khomo la manda apansi, aja otchedwa catacombe m'Chitaliyana. Awa ndi makonde okumbidwa m'mwala wofewa kunja kwa malinga a mzinda, kumene akhristu oyamba ankaika akufa awo. Tsopano zida za mawu otsika ndizo zikuimba, motsitsa kwambiri, ngati mawu ochokera pansi pa nthaka. Lipenga limodzi, limene woimba wake amaima kuseri kumene omvera samuona, limaimba nyimbo yachifatse. Zimene zikumveka pano ndi zidutswa za Kyrie ndi Sanctus za nyimbo za Gregorio. Kenaka kachigawo kakafupi, konga salimo loimbidwa pa liwu limodzi, kakubwerezedwa nthawi ndi nthawi, zida zina zikulowamo, mpaka pempherolo lidzaza nyumba yonse, n'kubwereranso pansi kumene linachokera. Palibe liwu ndi limodzi lomwe limene latchulidwa, komabe mkhristu wozolowera Misa amazindikira kuti awa ndi anthu amene akupempha chifundo ndi kutamanda Woyera.

Chigawo chachitatu ndi usiku wa mwezi wathunthu pa phiri la Gianicolo. Piyano imayamba, chitoliro chotchedwa klarineti chimaimba chokha nyimbo yaitali yofatsa, ndipo kumapeto kumamveka kambalame ka ku Ulaya kotchuka ndi kuimba usiku. Respighi sanafune kuti chida china chiyerekeze kambalameka. Analamula kuti aike mbale ya galamafoni yojambulidwa kulira kwake kwenikweni. Chinali chinthu chachilendo kwambiri mu okestra pa nthawiyo, ndipo ena anadandaula kuti makina alowerera luso.

Chomaliza ndi msewu wakale wa Via Appia m'mamawa, nkhungu ili tolo. Ng'oma zikugunda motsitsa, mosalekeza, ngati mapazi a khamu lochokera kutali. Pang'ono ndi pang'ono mgugu ukukula. Respighi anaonjeza malipenga ena 6 oimira malipenga ankhondo a Aroma akale, amene amaikidwa padera ndi okestra, ndiponso limba lolira liwu lotsikitsitsa loti nthaka injenjemere. Ndi gulu lankhondo la Roma wakale likubwera kokagonjetsa adani, likukwera ku phiri la Campidoglio dzuwa likutuluka. M'nyimbo za okestra ndi zochepa zimene zimatha ndi mkokomo woposa umenewu.

Zikondwerero za Roma

Nyimbo yachitatu, Feste Romane, anaimaliza mu 1928, ndipo Toscanini anaitsogolera koyamba ku New York pa 21 Febuluwale 1929. Muno mulibenso madzi kapena mitengo. Muli anthu.

Chigawo choyamba chikutitengera ku bwalo la masewera la Circus Maximus m'masiku a mfumu Nero. Malipenga akulira, khamu likukuwa, ndipo pakati pa chipwirikiticho mavayolini ndi zitoliro zikuimba nyimbo yonga ya Gregorio: ndi akhristu amene akuwatulutsa kuti aphedwe. Zida za mawu otsika zikubangula ngati zilombo. Nyimbo ya ofera chikhulupiriro ikukwera, ikulimbikira, mpaka phokoso la khamu liimeza. Tidziwe pano kuti wopeka nyimbo sali wolemba mbiri. Chizunzo cha Nero cha m'chaka cha 64 chimakumbukiridwa makamaka ku minda ndi bwalo lake la ku Vatican, kumene mwambo wa Mpingo umati Petulo Woyera anapachikidwa. Respighi anasankha bwalo lalikulu koposa onse kuti chithunzi chake chimveke.

Chigawo chachiwiri ndi Yubile, Chaka Choyera. Mwambo umenewu anauyambitsa ndi Papa Bonifasiyo VIII m'chaka cha 1300, ndipo ukupitirirabe: Yubile ya 2025 anaitsegula ndi Papa Fransisko pa 24 Disembala 2024. Respighi anaona ndi maso ake Yubile ya 1925. M'nyimbomu apaulendo akuyenda motopa, akupemphera, ndipo nyimbo yawo yatengedwa ku nyimbo yakale ya Pasaka ya ku Germany, posonyeza kuti achokera kutali. Atafika pamwamba pa phiri la Monte Mario akuona mzinda woyera pansi pawo, ndipo mabelu a matchalitchi onse akuwayankha.

Zigawo ziwiri zotsala ndi za chisangalalo cha anthu wamba. China ndi chikondwerero cha zokolola cha mwezi wa Okutobala, chokhala ndi malipenga a alenje ndi nyimbo yachikondi ya madzulo. Chinacho ndi usiku wolowera tsiku la Epifaniya pa bwalo la Piazza Navona, pamene amalonda akuitanira, anthu akuvina, ana akuliza timalipenga, ndipo lipenga lina likudzandira ngati munthu woledzera. Respighi sanachite manyazi ndi Roma wa kumsika. Anamuika pamodzi ndi Roma wa ofera chikhulupiriro ndi wa apaulendo, pakuti onsewo ndi mzinda umodzi.

Msewu umodzi, mbiri ziwiri

Tibwerere ku Via Appia, chifukwa funso lathu lachiwiri lagona pamenepo. Msewuwu unayamba kumangidwa m'chaka cha 312 Khristu asanabadwe, ndipo cholinga chake chinali kuyendetsa asilikali. M'chaka cha 71 Khristu asanabadwe, akapolo pafupifupi 6,000 amene anaukira pamodzi ndi Spartacus anapachikidwa pa mitanda m'mbali mwake, kuyambira ku Capua mpaka ku Roma. Pa msewu womwewu Paulo Woyera analowera mu Roma ali mkaidi, ndipo buku la Ntchito za Atumwi 28:15 limasimba kuti abale anadzamuchingamira panjira, iye nalimba mtima. M'mbali mwa msewu womwewu muli manda apansi a Kalisto Woyera, mmene munaikidwa Apapa angapo a m'zaka za m'ma 200, mmene Papa Sikisito II anaphedwera pa 6 Ogasiti 258, ndiponso mmene mwambo umati Sesiliya Woyera anagonekedwa poyamba. Choncho asilikali a m'chigawo chomaliza cha Pini di Roma akuguba pamwamba pa anthu amene tinawamva akupemphera m'chigawo chachiwiri.

Nkhaniyi inakula chifukwa cha nthawi imene nyimboyi inatuluka. Benito Mussolini anatenga boma mu Okutobala 1922, ndipo chipani chake chinkalalika kuti chidzadzutsa ufumu wa Roma wakale. Mkokomo wa malipenga a Respighi unkakoma m'makutu a anthu otere, ndipo boma linamupatsa ulemu: mu 1932 anasankhidwa kulowa m'bungwe la Reale Accademia d'Italia. Chifukwa cha ichi, nkhondo yachiwiri itatha, ena anaziona nyimbozi ngati zokometsera ulamuliro wankhanza. Ena amakumbutsa kuti Fontane di Roma inapekedwa Mussolini asanalamulire, ndiponso kuti mu 1931, pamene otsatira chipanicho anamenya Toscanini ku Bologna chifukwa chokana kuimba nyimbo yawo, Respighi anali mmodzi wa amene anamuthandiza kuti achoke mu mzindawo mwamtendere.

Chimene sitingakane ndi zipatso za maloto a ufumuwo. Mu Okutobala 1935 Italy inathira nkhondo dziko la Ethiopia. Respighi anamwalira pa 18 Epulo 1936, ndipo patangopita masabata atatu Mussolini analengeza kuti ufumu wabwerera ku Roma. Chaka chomwecho nyumba ya nyimbo ya Augusteo, mmene Fontane ndi Pini zinaimbidwira koyamba, inatsekedwa n'kugwetsedwa pofuna kuonetsera manda a mfumu Augusto amene anali pansi pake. Mu Meyi 1937 asilikali a Italy anapha amonke ndi madikoni mazanamazana a ku Debre Libanos, nyumba yopatulika ya akhristu a ku Ethiopia. Chaka chomwechonso chipilala chakale cha ku Axum chinalandidwa n'kukaimikidwa ku Porta Capena, pafupi ndi Circus Maximus, pamalo pamene Via Appia inkayambira. Koma ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika. Mu 1941 Ethiopia inamasuka, ndipo chipilala chija chinabwezedwa kwawo mu 2005.

Amonke a ku Debre Libanos anaphedwa ndi asilikali otumidwa kuchokera ku mzinda wa Petulo ndi Paulo. Tikamamvera chigawo chomaliza cha Pini di Roma n'kumva mtima ukudumpha, ndi bwino kuti tidzifunse: kodi mapazi amenewa akuponda yani?

Zimene tikuphunzirapo

Ntchito ya Respighi ikutionetsa njira imene wopeka amatsata pofuna kuika mzinda m'nyimbo. Amasankha malo ochepa m'malo mofuna kunena zonse. Malo aliwonse amawapatsa nthawi yake, kaya m'bandakucha, masana kapena usiku, kuti zigawo zisiyane mtima ndipo nyimbo yonse ikhale ndi ulendo. Amasankha chida choyenera chithunzi chilichonse, ndipo amaganizira ngakhale pamene woimba adzaime. Koposa zonse amamvetsera zimene mzindawo umaimba kale, nyimbo za ana, za m'tchalitchi ndi za kumsika, n'kuzilukira m'nyimbo yake, kuti eni mzinda adzizindikire okha.

Mfundo yomalizayi si yachilendo kwa ife. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha chipembedzo cha 1963, unapatsa nyimbo za Gregorio malo aulemu, komanso unalangiza kuti nyimbo za makolo a mitundu ya anthu zilemekezedwe ndi kupatsidwa malo oyenera. Amene amapeka nyimbo za makwaya athu amagwira ntchito yofanana ndi ya Respighi: amasankha zoti anthu azikumbukira. Nawonso makatekisiti akamaphunzitsa mbiri ya Mpingo amasankha amene amutchule ndi amene amusiye.

Respighi sanabise mbali iliyonse ya Roma. Anatipatsa asilikali ndi ofera chikhulupiriro, mafumu ndi ana, apaulendo ndi oledzera. Mphamvu yaikulu ya malipenga anaipereka kwa ogonjetsa, ndipo kwa ozunzidwa anapereka nyimbo yofatsa yochokera pansi pa nthaka. Magulu ankhondo aja anatha kalekale, ndipo malipenga awo timangowayerekeza ndi zida zina. Koma Kyrie ndi Sanctus zija, zimene iye anaziika pakamwa pa akhristu a m'manda apansi, tikuziimbabe Lamulungu lililonse, aliyense m'chilankhulo chake.